Kodi Atambala a Mtundu Wandewu Angagone Khola Limodzi?

Makolo anati atambala awiri salira m'khola limodzi, komabe aliyense amene anakulira kumudzi anaonapo atambala atatu kapena anayi achikuda akudya bwalo limodzi, madzulo n'kukwera mtengo umodzi. Amamenyana tsiku limodzi kapena awiri, wina n'kugonja, nkhani n'kuthera pomwepo. Wogonjayo amadziwa malire ake: amadyera chapatali, ndipo akakumana ndi wamkulu panjira amapatuka. Munthu wozolowera nkhuku zotere akapeza atambala a mtundu wandewu, monga Asil, Shamo, Malay, Old English Game kapena American Game, amaganiza kuti nawonso adzamvana motero. Apa ndi pamene nkhuku zodula zimafera.

Atambala okhwima a mitundu imeneyi sangasungidwe m'khola limodzi. Kaya kholalo ndi lalikulu ngati bwalo la mpira, kaya anaswedwa ndi thadzi limodzi, kaya palibe thadzi pafupi, sizitheka. Aang'ono angakhalire limodzi kwa miyezi yowerengeka, ndipo luso lonse lagona pa kudziwa tsiku lowapatula komanso kumanga makola amene sawalola kufikirana.

Chimene chimawasiyanitsa ndi atambala ena

Mtendere wa m'gulu la nkhuku umadalira chinthu chimodzi: wofooka azivomera kuti wagonja. Thorleif Schjelderup-Ebbe wa ku Norway ndi amene anafotokoza mu 1921 kuti nkhuku zimakhala ndi maudindo, wina pamwamba, wina pansi pake, mpaka womaliza wojompholedwa ndi onse. Ofufuza a pa yunivesite ya Nagoya ku Japan anaonetsa mu 2015 kuti ngakhale kulira kwa m'mawa kumatsata maudindo omwewo: wamkulu ndiye amayamba, enawo n'kumatsatira. Tambala wachikuda kapena wa Mikolongwe akaona kuti zamuvuta amagwetsa nthenga, amatembenuka n'kuthawa, ndipo wopambanayo amamuthamangitsa pang'ono n'kumusiya.

Mitundu yandewu inachotsedwa khalidwe lothawali. Kwa zaka mazanamazana anthu a ku India ndi Pakistan ankasankha Asil amene sabwerera m'mbuyo, n'kumaswetsa omwewo. Shamo wa ku Japan anachokera ku nkhuku za ku Siam, dziko limene lero ndi Thailand, ndipo dzina lakelo likuchokera pomwepo. Naye ankasankhidwa chimodzimodzi. Ku Britain zinali choncho ndi Old English Game, ku America ndi mabanja a American Game monga Kelso ndi Hatch. Chotsatira chake ndi tambala amene akavulala samva kuti wagonja. Awiri otere akakumana palibe woyamba kutembenuka, ndiye ndewu imatha wina atafa kapena atakomoka, ndipo kawirikawiri wotsalayo amakhala atathudzuka diso kapena atathyoka mlomo.

Kumenyanitsa atambala kunaletsedwa ku England ndi Wales mu 1835, ndipo ku United States chigawo chomaliza kuletsa chinali Louisiana mu 2008. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akukhala, lamulo loteteza nyama la 1962 limaletsa kumenyanitsa nyama. Ambiri amene akuweta nkhukuzi masiku ano amazisungira kukongola kwake, zionetsero, kusunga mtundu kuti usathe (ku Japan boma linaika Shamo m'gulu la zotetezedwa mu 1941), kapena kukweretsa nkhuku zina kuti ana akhale a chifuwa chachikulu. Nkhuku za nyama zimene timagula pamsika zili ndi magazi a mtundu wina wa nkhuku wotchedwa Cornish, ndipo Cornish anachokera ku mitundu yandewu yomweyi. Koma cholinga cha mwini chikasintha, magazi a tambala sasintha nacho. Shamo wa pachionetsero amapha mnzake mofanana ndi agogo ake.

Chosokoneza china n'chakuti atambala amenewa nthawi zambiri amakhala ofatsa kwa munthu. Asil amatha kudya m'manja mwanu, kunyamulidwa osaphupha, ndipo amasamala mathadzi ake bwino. Kufatsa kumeneku sikukuuzani chilichonse za zimene adzachite akaona tambala mnzake.

Nthawi imene angakhalire limodzi

Anapiye oswedwa limodzi amakula limodzi bwinobwino poyamba. Kwa American Game ndi Old English Game, atambala aang'ono amatha kukhala gulu limodzi mpaka miyezi 4 kapena 6, ena kupitirirako pang'ono. Asil sadikira choncho: anapiye ake amatha kuyamba kumenyana mpaka kutulutsana magazi ali ndi milungu yochepa chabe, ndiye kwa iwo muyambe kuonetsetsa kuyambira pa milungu 6.

Gulu la aang'ono limakhalitsa ngati zinthu zingapo zili m'malo mwake. Malo akhale otakata, okhala ndi zitsamba, milu ya udzu kapena matabwa oimika, kuti wothamangitsidwa azitha kuchoka pamaso pa womuthamangitsa. Khola lopanda pobisala, lokhala ndi ngodya zopanikizirana, ndi msampha. Zodyera ndi zomwera zikhale zingapo, zotalikirana mamita angapo, chimodzi pa atambala atatu alionse, kuti wina asamatchingire anzake. Misoti ichotsedwe ikafika miyezi 3, isamaonekenso n'komwe, chifukwa thadzi likakhala pafupi ndewu imafulumira kuyamba.

Oweta a ku America ndi ku Philippines amagwiritsanso ntchito tambala wamkulu mmodzi ngati mfumu ya bwalo. Aang'ono awiri akayambana, iye amathamangira pomwepo n'kuwabalalitsa, ndipo poti onse amamuopa palibe amene amadzimva kuti wakula. Njirayi imawonjezera milungu kapena miyezi ingapo, koma ili ndi ngozi yake. Tsiku limene wamkuluyo wadwala, wathothoka nthenga n'kufooka, kapena mwamuchotsa kuti akakwere mathadzi, gulu lonse limasokonekera tsiku lomwelo. Komanso aang'onowo akukula, ndipo tsiku lina mmodzi adzaimirira osathawanso.

Zizindikiro zoti nthawi yakwana zimaoneka. Ndewu ya ana ndi yachidule: amalumphirana kawiri katatu, wina n'kuyamba kutola chakudya ngati palibe chachitika. Ndewu ya akulu imayamba ndi kuyang'anizana nthawi yaitali, milomo pafupi ndi dothi, nthenga za m'khosi zitaima ngati ambulera, ndipo mukawalekanitsa amafunafunana n'kuyambiranso. Mukaona zimenezi, kapena mukapeza magazi pa lipombo ndi kumaso, kapena mmodzi akubisa mutu pangodya tsiku lonse osadya, patulani onse madzulo omwewo. Musachotse wovutitsa yekhayo, chifukwa mukachotsa wapamwamba, otsalawo amayamba kulimbirana mpando wake.

Mvula njoopsa kwa gulu lotere. Nkhuku zimazindikirana makamaka ndi maonekedwe a mutu ndi khosi, ndipo zikanyowa, nthenga n'kumamatira, matope n'kudetsa kumaso, abale amaonana ngati alendo. Oweta ambiri amataya atambala aang'ono angapo tsiku limodzi mvula yamphamvu ikangokata. Kwa ife kuno, ngati gulu lanu likukwanitsa miyezi 4 kapena 5 cha mu Novembala kapena Disembala, lipatuleni mvula yoyamba isanagwe.

Ndipo tambala amene wachoka m'gulu sabwereranso. Ngakhale mutamuchotsa tsiku limodzi lokha kuti mumupatse mankhwala, pobwera amalandiridwa ngati mlendo, iyenso amabwera atazolowera kukhala mfumu payekha. Anthu ena amayesa kumubwezera usiku anzake ali mtulo. Njira imeneyi imathandiza pa mathadzi ndi atambala ofatsa. Pa awa imangochedwetsa ndewu mpaka mbandakucha, nthawi imene inu muli m'nyumba.

N'chifukwa chake makola amawerengedwa mazira asanaikidwe pachisa. Thadzi likafungatira mazira 10 n'kuswa 8 pakatha masiku 21, pafupifupi theka adzakhala atambala. Ndiye kuti pomatha miyezi 5 mukufunika makola 4 atsopano. Ngati mulibe malo ndi ndalama za makola amenewo, konzekeranitu kugulitsa kapena kudya atambalawo asanafike msinkhu umenewo, kapena muchepetse mazira.

Kamangidwe ka khola la tambala mmodzi

Kwa tambala wa thupi lapakati, wa makilogalamu 2 mpaka 3, khola la mita 1.2 m'lifupi, mamita 2.4 m'litali ndi mita 1.8 kupita m'mwamba ndi lokwanira, ndipo munthu amatha kulowamo n'kusesa osawerama kwambiri. Shamo wamkulu amapitirira makilogalamu 5, ndipo Malay amatalika kufika masentimita 80 kapena 90. Awa apatseni osachepera mita 1.5 ndi mamita 3. Ngati mudzaikemonso mathadzi, kulitsani kholalo.

Chipupa chapakati pa makola awiri ndicho mtima wa ntchito yonseyi, ndipo ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Waya umodzi pakati pa atambala awiri si chotchinga ayi. Amamenyana kudzera pa wayapo tsiku lonse: milomo imang'ambika, zala zimakodwa n'kuthyoka, lipombo limachekeka, ndipo kanyanga kakuthwa kamene kamamera kumbuyo kwa mwendo pamwamba pa zala, kamene pano tikutcha munga, kakakola mu waya tambala amalendewera chadodolido mpaka kufa. Choncho gawo la pansi la chipupacho likhale lotsekeratu, losaonekera: matabwa, njerwa, malata akale kapena bango lolukidwa mothinana. Kutalika kwake kupitirire mutu wa tambala atatambasula khosi, ndiye kuti masentimita 90 kwa apakati ndi mita 1.2 kwa Shamo ndi Malay. Ngati zipangizo zilipo, tsekani mpaka kudenga n'kusiya mphepo izilowera kutsogolo ndi kumbuyo.

Malata atsopano onyezimira musawagwiritse ntchito osapaka penti. Tambala akadziona pa lata amayesa ndi mnzake, ndipo amamenya latalo mpaka zala kutuluka magazi. Galasi, chitini chowala, ngakhale khomo la galimoto yoimikidwa pafupi zimachita zomwezo. Bango ndi nsungwi n'zotsika mtengo koma zimafuna kuziyendera: chiswe chikadya pansi, kapena ndodo ziwiri zikatalikirana moti diso n'kuona mnzake, amayamba kujompha pabowopo mpaka mutu kukwana.

Pamwamba pa gawo lotsekalo mungaike waya, koma ukhale wowotcherera wa timabowo ta mamilimita 25 kapena kucheperapo. Waya wa nkhuku wamba uja ndi wopyapyala, umacheka, umatambasuka, ndipo galu amaung'amba. Ngati mukufuna kuti makola akhale a waya wokhawokha chifukwa cha kutentha, ndiye akhale makola awiri osiyana okhala ndi mpata wa masentimita 60 kapena kuposa pakati pawo, komabe muikepo chotchinga maso pansi. Atambala ena akamaonana amangoyendayenda m'mbali mwa waya osadya, n'kumaonda muli kuwapatsa chakudya chokwanira.

Pansi pa chipupa pamafunanso nzeru. Nkhuku imakonda kusamba fumbi m'mbali mwa khoma, ndipo awiri akakumba mbali zonse ziwiri, pakatha milungu ingapo maenjewo amakumana. Kwirirani chipupacho masentimita 20 mpaka 30 m'nthaka, kapena yalani mzere wa njerwa mbali zonse. Zimenezi zimaletsanso vumbwe, likongwe ndi agalu kukumba.

Mtengo wogonapo uikidwe kutali ndi chipupa chapakati, kapena pamalo pamene chipupacho chatsekedwa mpaka pamwamba. Mukaika mitengo ya makola awiri moyang'anizana, pamwamba pa gawo lotseka lija, mwangosamutsira ndewu m'mwamba. Kwa atambala opepuka mtengo ungakhale mita 1 kapena 1.2 kuchokera pansi. Kwa Shamo ndi Malay ukhale pansi, masentimita 40 mpaka 60, wotakata masentimita 7 kapena 8 ndi wosalala m'mbali, chifukwa nkhuku yolemera ikamadumpha kuchokera pamwamba n'kutera pouma imatupa kuphazi, chotupacho n'kuchita mafinya ouma ovuta kuchiza. Pansi yalani utuchi, mankhusu a mpunga kapena makoko a mtedza okhuthala masentimita 10.

Denga likhalepo pa khola lonse, la malata kapena la waya. American Game ndi Old English Game amauluka bwino kwambiri, ndipo mpanda wa mamita 2 kwa iwo si kanthu. Malata akhomedwe zolimba. Mphepo ya mvula yoyamba ikasasula denga, m'mawa mumapeza atambala onse ali pabwalo limodzi.

Chitseko ndi malo amene ngozi zambiri zimayambira. Chizitsegukira m'kati, chikhale ndi thabwa la masentimita 30 pansi loti munthu azidumpha polowa, ndiponso chikhale ndi zotsekera ziwiri, imodzi pamwamba ina pansi. Chabwino koposa ndi kupachika chodyera ndi chomwera poti muzitha kuthira muli panja. Tambala akapulumukira pakati pa miyendo yanu sathawira kutchire: amalunjika pa khola la mnzake n'kuyamba kumenyana naye pa waya wa kutsogolo. Choncho kutsogolo kwa makola nakonso kukhale ndi gawo lotseka la pansi, masentimita 60 kapena kuposa. Kumudzi ndi m'makomboni izi n'zofunika kawiri, chifukwa tambala wachikuda wa aneba amene amangoyendayenda adzabwera kudzalira pakhomo pa khola lanu, ndipo wanuyo adzadzivulaza pofuna kumufikira. Mpanda wozungulira makola onse umathetsa vuto limeneli. Lamulo la pakhomo likhale lakuti khola limodzi lokha ndilo limatsegulidwa pa nthawi imodzi, ndipo ana otumidwa kukathira madzi aliuzidwe momveka.

Kumangirira pa chingwe

M'mafamu a ku Philippines ndi kum'mwera kwa United States mumaona mizere ya atambala, aliyense atamangidwa mwendo pa chingwe pafupi ndi kanyumba kake ka mgolo kapena ka malata awiri ogundanitsa pamwamba. Njirayi ndi yotsika mtengo ndipo tambala amaponda udzu, amapalasa, amawothera dzuwa. Khola labwino limaposa chingwe, makamaka kumene agalu amangoyendayenda, chifukwa tambala womangidwa alibe kothawira. Koma ngati mwasankha chingwe, masamu ake ndi awa.

Chingwe chikhale cha mamita 2. Atambala awiri oyandikana akakoka zingwe zawo mpaka pamapeto adya mamita 4. Aliyense akatambasula thupi ndi khosi amawonjezera pafupifupi theka la mita, ndiye afika mamita 5. Siyani mita ina yopanda kanthu pakati. Zikhomo zitalikirane mamita 6, osachepera. Anthu amayeza chingwe chokha n'kuiwala kuti mwendo umodzi ndiwo wamangidwa, thupi lonse ndi mwendo winawo zimapitirira.

Kumapeto onse awiri a chingwe kukhale kachitsulo kozungulira, konga ka pa unyolo wa galu, kuti chingwe chisapotane n'kufupika. Pa mwendo pasamangidwe chingwe chenichenicho. Pakhale kalamba kofewa ka chikopa kapena nayiloni, kotakata sentimita 1.5 kapena 2, kosafinya koma kosavuka. Sinthani mwendo mlungu uliwonse ndipo muziona ngati mamba akunyuka. Chikhomo chikhomedwe mpaka kutsala pang'ono kulekana ndi nthaka, chifukwa chikatalika chingwe chimazengerezeka pamenepo. M'dera lonse limene chingwe chimafika musakhale mpanda, nthambi kapena chitsa. Tambala akadumphira kuseri kwa chinthu chachitali chingwe n'kuperewera, amalendewera ndi mwendo umodzi, ndipo padzuwa la Okutobala satenga nthawi kufa. Kanyumba kake kaikidwe pafupi ndi chikhomo moti akakwera pamwamba azitha kutsikira mbali iliyonse chingwe chikadali chokhwepa. Mthunzi ndi madzi zikhale pofikirika tsiku lonse, poganizira kuti mthunzi umasuntha. Zingwe ziyenderedwe tsiku lililonse: dzuwa limafooketsa nayiloni, ndipo chingwe chimodzi chikaduka, womasukayo amayamba ndi mnzake wapafupi.

Mathadzi, chakudya ndi minga

Tambala mmodzi apatsidwe thadzi limodzi, awiri kapena atatu. Mathadzi a Asil ndi Shamo nawonso amamenyana kwambiri, ndiye osakulira limodzi musawaphatikize mwachisawawa. Nthawi zambiri n'kwabwino kumupatsa tambala thadzi limodzi pa nthawi. Thadzi ndilo lizipita kwa tambala. Mukalichotsa kwa tambala wina n'kulipereka kwa wina, dikirani milungu 3 musanasunge mazira oti aswedwe, chifukwa mbewu ya tambala woyamba imakhalabe m'thupi mwa thadzi kwa milungu iwiri kapena kuposa.

Tambala wokhala yekha m'khola sadzipezera chakudya monga wa pabwalo. Wa thupi lapakati amadya magalamu 90 mpaka 120 patsiku, Shamo wamkulu kuposa apo. Madeya okhaokha sakwanira. Sakanizani ndi soya wokazinga wogaya kapena ufa wa usipa, masamba obiriwira, ndi timiyala tating'ono tothandiza kugaya. Mwazani chimanga chochepa mu utuchi kuti azipalasa, chifukwa tambala wosowa chochita amathera mphamvu zake pa chipupa. Madzi akumwa ndi pafupifupi kota ya lita patsiku, ndipo nyengo yotentha amawirikiza.

Kudula minga kumachepetsa mabala koma sikuthetsa ndewu. Tambala wopanda minga amapha ndi mlomo, mapiko ndi mphamvu ya miyendo, ndiye musadule n'kuganiza kuti tsopano angagone limodzi. Kudulako n'kothandiza poteteza misana ya mathadzi, manja anu, ndi kuti munga usakole mu waya. M'kati mwa munga muli fupa ndi mitsempha ya magazi. Kunsonga kokha ndiko kouma. Munthu mmodzi agwire tambala atamukulunga m'thaulo, wina agwire mwendo zolimba pafupi ndi munga n'kudula nsonga ndi kasowo ka zitsulo, pang'onopang'ono, kusiya pafupifupi masentimita 2, kenako n'kupala ndi fayilo kuti pakhale pobuntha. Magazi akatuluka, dindani ufa woyera pamenepo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Musathyole ndi pulayala, mungang'ambe mpaka pa fupa la mwendo. Magalasi apulasitiki otchinga maso, kudula mlomo ndi kuwasunga mu mdima nazonso sizisandutsa atambala amenewa abwenzi, zimangowonjezera kuzunzika.

Tambala watsopano akafika, akhale kutali ndi anzake kwa masiku 21 mpaka 30, ndipo muzimudyetsa pomaliza. Katemera wa chideru wa I-2, wa dontho limodzi m'diso, aperekedwe kwa nkhuku zonse miyezi 4 iliyonse. Makola oyandikana amatchinga ndewu, koma chideru ndi utitiri zimadutsa.

Ikabuka ndewu

Musalowetse manja pakati pawo ndipo musawamenye mateche. Munga umaboola dzanja mpaka kuya, ndipo bala lake limatukusira msanga. Tengani thumba, bulangete lakale kapena thaulo lalikulu, muponye pa mmodzi kuti asaone, n'kumunyamula chakumbuyo mutapanikiza mapiko onse awiri ku thupi. Thabwa lalikulu kapena chitseko chakale cholowetsa pakati chimathandizanso. Madzi a m'ndowa amawadzidzimutsa kwa kamphindi chabe, kokwanira kuti mugwire mmodzi, paokha sawaletsa. Mukanyamula mmodzi, tembenukani msanga n'kuchokapo, chifukwa wotsala pansiyo amalumphira amene ali m'manja mwanu, ndipo nkhope yanu ili pomwepo. Ngati muli awiri, aliyense agwire wake nthawi imodzi.

Onse awiri aonedwe, ngakhale amene akuoneka ngati wapambana. Mabala a kumutu amaonekera, koma oopsa ndi obisika: kabowo kakang'ono ka munga pansi pa phiko, pachifuwa kapena m'khosi. Patulani nthenga ndi zala malo onsewa. Tsukani ndi madzi owiritsa ozizira osungunulamo mchere, magalamu 9 pa lita, ndiye kuti supuni yaing'ono imodzi ndi theka. Pukutani magazi oundana m'mphuno ndi m'kamwa kuti apume bwino. Pakani jivi kapena ayodini pa mabala a pakhungu, koma osati m'diso. Diso litsukidwe ndi madzi amchere okhawo. Jivi ali ndi ubwino wina wobisa kufiira kwa bala, pakuti nkhuku zikaona magazi zimajompha pomwepo.

Muikeni m'katoni kapena m'dengu lofunditsa, pamalo amdima pang'ono, ofunda ndi achete, kutali ndi kulira kwa anzake. Maso akatupa n'kutsekeka sangapeze madzi, ndiye mviikeni nsonga ya mlomo m'madzi otsekemera pang'ono ndi shuga maola awiri kapena atatu alionse. Musamuthire madzi kukhosi mokakamiza, angalowe m'mapapo. Chakudya chikhale chofewa: phala la madeya kapena dzira lowiritsa lophwanya. Nyengo yotentha ntchentche zimaikira mazira pa bala ndipo mphutsi zimaoneka pasanathe tsiku, choncho phimbani dengu ndi neti yakale ya udzudzu. Netiyo imatchinganso udzudzu umene umafalitsa nthomba ya nkhuku, matenda amene amalowera mosavuta pa khungu long'ambika.

Mukamva mpweya ukutuluka pa bala, khungu likafufuma ngati chibaluni, akamapuma mokoka ndi kukamwa kotsegula, kapena bala likayamba kununkha pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, pitani naye kwa mlangizi wa ziweto kapena dokotala wa ziweto. Akapatsidwa mankhwala opha tizilombo, tsatirani masiku olembedwa pa botolo musanadye nyama yake. Mlomo wong'ambika kunsonga umamera pakatha milungu ingapo ngati akudya zofewa m'mbale yakuya. Wothyoka pafupi ndi mphuno subwerera mwakale.

Akachira, musamubwezere khola loyandikana ndi amene anamenyana naye. Awiriwo amadziwana mawu, ndipo ngakhale chipupa chitatsekedwa mpaka kudenga amayendayenda m'mbali mwake kufunafuna polowera. Muikeni kumapeto ena a mzere, ndipo pakati pawo pakhale makola a mathadzi kapena khola lopanda kanthu. Musanamulowetse, pezani pamene ndewu ija inadutsira, kaya ndi chotsekera chomasuka, dzenje la pansi pa chipupa kapena lata losasuka, mukonze pamenepo, kenako muyendere malo omwewo pa makola ena onse, chifukwa anamangidwa ndi zipangizo zofanana pa nthawi imodzi.